Njere 50 za chimanga: zolemba za ntchito yobwezera mpingo wathu m'tchalitchi

Kope ili ndinapatsidwa ndi bwalo la akulu a mpingo mu Januwale 2021, kuti ndizilembamo zimene komiti yathu yaing'ono ikuchita pa nkhani ya kolona. Mpingo wathu uli m'boma la Dedza, chakumtunda kumene kachewere ndiye ndalama, kumenenso chifunga chimatha kugona padenga mpaka 9 koloko m'mawa. Tili ndi tchalitchi chachikulu chimodzi ndi milaga inayi. Ndakopera monga ndinkalembera nthawi imeneyo, ndangochotsamo mayina a anthu ndi masamu a msungichuma.

Lachiwiri, 19 Januwale 2021

Bwalo lakhala lero mwadzidzidzi pakhonde pa abusa, aliyense ndi mpando wake patalipatali. Dzana usiku Pulezidenti Chakwera analankhula pa wailesi kuti pa mapemphero pasamapitirire anthu 50, misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, pasapezeke woyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndiponso sukulu zitsekedwe kwa masabata atatu.

Ndinene zoona, chaka chatha sitinkaopa. Boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 mu Malichi 2020 tinagawa mapemphero pawiri, koma mwezi usanathe tinali titayambanso kuthithikana. Ukanamuuza chiyani munthu amene dzulo lake anali pa msonkhano wa kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni, pamene anthu anali ngati nyerere? Ankati matendawa ndi a m'tauni, a anthu okwera ndege. Koma sabata yatha, pa 12, nduna ziwiri zamwalira tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo tikumva kuti ku Lilongwe bwalo la masewero la Bingu akukonza zolisandutsa chipatala. Lero palibe anaseka.

Tamanga kuti Lamulungu likubwerali ndi linalo kusakhale mapemphero, kuti tikonze kaye nyumba. Mgonero, kalasi, Sande sukulu ndi makwaya zayamba zaima. Okalamba ndi odwala shuga kapena BP tiwapempha kuti azipemphera kunyumba. Mu komiti tilimo asanu: ine mlembi, mtumiki mmodzi, mayi mmodzi wa Chigwirizano (gulu la amayi a mpingo), mnyamata woimira achinyamata, ndi mlangizi wa zaumoyo amene ndi mkhristu wathu.

Loweruka, 30 Januwale

Tayeza mabenchi. Tinadula bango lotalika mita imodzi, n'kumalemba ndi choko pamene munthu azikhala. Mtumiki anati choko chifufutika ndi zitenje Lamulungu loyamba lomwe, choncho tinabwereza ndi penti yoyera imene inatsala pamene tinkapenta nyumba ya abusa. Benchi imene timakhalapo anthu 8 tsopano ndi ya anthu atatu, ndipo timadumpha benchi imodzi pakati.

Ndowa za mpopi tagula ziwiri zokha, ndalama zinakana. Ku milaga achinyamata akonza mpondagiya: kachigubu komangirira pa mtengo, chingwe, ndi kamtengo kopondapo. Sopo tamuboola pakati n'kumumangirira ndi chingwe, chifukwa sopo wa pa tchalitchi ali ndi miyendo. Mawindo awiri a kumanzere sakutseguka, anachita dzimbiri kalekale. Kalipentala walonjeza Lachitatu.

Chotsala ndi kuwerenga anthu pakhomo. Onse akana, ntchitoyo yagwera ine.

Lamulungu, 7 Febuluwale

Tatsegula. Mapemphero atatu: 6 koloko, 8 koloko ndi 10 koloko, aliwonse osapitirira ola limodzi ndi mphindi 15, kuti pakati tizipukuta mabenchi.

Kuwerenga ndi pakamwa ndimasokonezeka munthu akandipatsa moni, ndiye ndinatenga njere 50 za chimanga n'kuziika m'thumba la kumanja la jekete. Munthu akalowa, njere imodzi ipite kumanzere. Abusa nawonso njere yawo, ine yanganso. Mapemphero oyamba anabwera ochepa. Achiwiri anadzaza, koma otsala tinawauza kuti adikire achitatu. Vuto linali pa achitatuwo, chifukwa kutsogolo kwake kunalibenso ena.

Ndinapisa dzanja kumanja ndinapeza thumba lili gwa, mulibe kanthu. Nthawi yomweyo anatulukira agogo ena a kuseri kwa dambo, ndodo m'manja, mpango atamanga kukamwa m'malo mwa masiki. Amayenda pafupifupi maola awiri kuti afike kuno, ndipo chiyambire ubwana wanga sindinaonepo malo awo pa benchi yachitatu ya amayi ali opanda munthu. Anasamba m'manja bwinobwino, anafika pakhomo.

Ndinati, "Agogo, pepani, malo atha."

Anasuzumira mkati. Anaona zimene aliyense akanaona, mabenchi opanda anthu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anati, "Malo atha, mwana wanga? M'nyumba ya Mulungu?"

Ndinawafotokozera za lamulo, ndinawakumbutsanso kuti a msinkhu wawo tinawapempha kuti azikhala kunyumba. Sanayankhe. Anapita kukakhala pa muzu wa mtengo wa paini umene uli pafupi ndi belu lathu, limu ya galimoto ija. Nyimbo yachiwiri isanathe mvula inayamba. Pamene ndinatuluka ndi ambulera anali atapita.

Ndabweza anthu 9 onse pamodzi lero. Mwa lamulo sindinalakwe, ndipo abusa anenanso chimodzimodzi. Madzulo ano m'pamene ndakumbukira kuti njere imodzi inali yanga, ndikanatha kuima panja.

Lamulungu, 21 Febuluwale

Tasintha kachitidwe. Mlaga uliwonse uzipemphera kwawo ndi mkulu wa mpingo wa kumeneko, ndipo kuno ku likulu midzi tayigawira nthawi, kuti munthu azidziwiratu ola lake asananyamuke. Mnyamata wathu wapachika sipika pawindo, ikuyendera batire ya galimoto, kuti otsala azimvera panja. Lero sitinabweze aliyense. Komanso sitinadzaze ngakhale kamodzi.

Za kutumiza ulaliki pa WhatsApp tazisiya. Tinayesa masabata awiri. Amene ali ndi mafoni oterowo ndi aphunzitsi ndi achinyamata ochepa, bandulo imawathera ulaliki uli pakati, ndipo netiweki kuno imachita kufunafuna pachulu. Chakhumi cha pa Mpamba ndi Airtel Money atumiza anthu owerengeka, ambiri mwa iwo ana athu a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Mbale ya chopereka sitikuyendetsa, taika dengu pakhomo. Msungichuma akuti dengu la pakhomo silichititsa manyazi ngati mbale imene yaima pamaso pako, ndipo zikuoneka m'masamu ake. Malipiro a abusa a mwezi uno sanakwane.

Lachisanu, 5 Malichi

Taika m'manda mkulu wa mpingo wa mlaga wa kumpoto, amene ankatsogolera nyimbo pa maliro onse a dera lino kwa zaka zambirimbiri. Anamwalira kuchipatala ndi kolona. Thupi linabwera ndi azaumoyo ovala zoyera thupi lonse, bokosi silinatsegulidwe, silinalowe m'nyumba, linangolunjika kumanda. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kuphika. Adzukulu anakumba n'kuima patali.

Ku mpingo tinapita anthu anayi okha, abusa ndi ife atatu, monga bwalo linamangira. Amayi a Chigwirizano ankafuna kupita ndi yunifomu yawo, tinawaletsa. Tinaimba ndime imodzi yokha, mawu athu anayi akungomwazika ndi mphepo. Mayi amasiye sanatiyang'ane. Mchimwene wa malemu anangoti, "Zikomo abusa, taona."

Lamulungu, 21 Malichi

Katemera wafika m'dziko muno pa 5 mwezi uno, wa AstraZeneca, wokwana 360,000, kudzera mu COVAX, ndondomeko yogawira mayiko katemera, ndipo Pulezidenti anabayitsa poyera ku Zomba pa 11. Kuno nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ina: akuti ndi chizindikiro cha 666, akuti wobayitsa sadzabereka, akuti zikatha zaka ziwiri onse obayitsa adzatha. Mlangizi wathu anapempha mphindi zisanu pa zolengeza, anatha mphindi 20, mafunso ake osatha. Bambo wina anafunsa chifukwa chake azungu atikonda chonchi lero pamene feteleza satipatsa waulere. Anthu anaseka koyamba m'chaka chino.

Mu komiti munabwera ganizo lakuti m'tsogolo muno tizifunsa khadi la katemera pakhomo. Ndakana ndi mtima wanga wonse. Khomo limenelo ndaimapo ine, sindikufunanso chifukwa china chobwezera munthu. Tagwirizana kuti abusa ndi akulu a mpingo amene afuna akabayitse, anthu aone okha kuti sanafe.

Lamulungu la Pasaka, 4 Epulo

Pasaka wopanda Mgonero. Takambirana za chikho kwa maola awiri Lachinayi. Akuluakulu akuti chikho ndi chimodzi, ndi mmene tinachipezera, ndipo kugawa timakapu n'kugawa mpingo. Mlangizi akuti milomo 50 pa chikho chimodzi iye sangavomereze. Abusa anati nkhaniyi igone kaye. Yagona.

Lamulungu, 23 Meyi

Matenda atsika, malamulo afewako, ndipo tachepetsa mapemphero kukhala awiri. Ndinkaganiza kuti anthu adzakhamukira ngati ngumbi. Ayi. Mabenchi a penti aja sakudzaza n'komwe.

Abusa akuti tisade nkhawa, madzi saiwala khwawa. Ine ndikuona kuti madzi ena apeza khwawa lina. Lamulungu m'mawa pa msewu wa M1, kuyambira ku Bembeke kukafika ku Lizulu, mupeza akhristu athu ataunjika kachewere ndi kabichi, akuthamangira maminibasi. Anyamata awiri a kwaya agula njinga zamoto ku Mozambique, akuchita kabaza, ndipo akuti Lamulungu ndiye tsiku la ndalama chifukwa amanyamula anthu opita ku matchalitchi ena. Sindikuwada. Miyezi inayi yakwanira kuti munthu azolowere Lamulungu lina.

Sabata ino boma latentha katemera pafupifupi 20,000 amene anapitirira masiku ake, poyera, nduna ya zaumoyo ilipo. Cholinga chinali chakuti anthu akhulupirire kuti sadzabayidwa wowonongeka. Kuno ena akuti mwaona, akutentha okha.

Masika tachita mwakachetechete, aliyense kusiya thumba lake kuseri kwa vesitili, popanda kuvina polowa nazo. Zabwera zochepa.

Lamulungu, 27 Juni

Nkhondo ya mawindo. Amene sanagonepo ku Dedza mu Juni sangamvetse. Mapemphero a 7 koloko chisanu chimalowa m'mafupa, mpweya ukutuluka m'masiki ngati utsi, ndiye ife tikuti mawindo onse akhale otsegula. Ndikatsegula, ndikangotembenuka, wina watseka. Mayi wina anandiuza m'maso muli gwa kuti, "Bambo mlembi, kolonayo sitinamuone, koma chibayo mutipatsa ndinu." Tagwirizana kuti mbali ya mwera tizitseka, mbali inayo ndi zitseko zonse zikhale zotsegula, ndipo mapemphero oyamba tawasunthira ku 8 koloko. Anthu akubwera ndi mabulangete. Palibe akuwaletsa.

Lamulungu, 18 Julayi

Zabwereranso, ndipo ulendo uno zafika m'midzi. Malamulo awumitsidwanso, ife tabwerera ku mapemphero atatu ndi njere zanga zija. Mtumiki wa mu komiti ali chigonere, mkazi wakenso. Taika maliro atatu m'masabata awiri, ngakhale mmodzi yekha ndi amene anayezedwa. Ena mwa amene ankakana katemera akumufunsa tsopano, koma anatha mwezi watha, ndipo ngakhale ife amene tinabayitsa koyamba tikudikira wachiwiri. Sindilemba zambiri lero.

Loweruka, 18 Seputembala

Kwayamba kutentha, matenda atsikanso, mtumiki wadzuka ngakhale akuwefuka akakwera kamtunda. Lachiwiri ndinatenga kaundula wa mpingo ndi makadi a chakhumi, ndinakhala pansi ndi akulu a milaga, dzina ndi dzina. Tinapeza mayina 74 a akhristu amene sanaonekepo chiyambire Januwale, osawerengera odwala, okalamba kwambiri ndi amene anasamuka. Bwalo lavomereza kuti tiziwayendera awiriawiri, ndipo lamanga kuti ulendo umenewu si wa milandu. Palibe kutenga khadi la chakhumi, palibe kufunsa kuti munali kuti.

Tayenda makomo 20 sabata ino, ndipo chimene chandidabwitsa ndi chakuti woopa matenda tapeza mmodzi yekha, mphunzitsi wopuma amene ali ndi shuga. Enawo nkhani zawo ndi zina. Ambiri ndi manyazi a ngongole: khadi lili ndi miyezi 8 yopanda chidindo, ndiye akuti alowa bwanji, mtumiki awayang'ana bwanji. Banja lina linalowana nthawi ya mliri popanda ukwati wa kutchalitchi, poti maukwati tinaimitsa, ndipo likudziwa kuti likangoonekera bwalo liwayitana. Mtsikana wina wa kalasi ali ndi pakati, zinachitika sukulu zili zotseka. Mabanja atatu akupemphera ku kachisi wina watsopano wa pamsika, amene sanatsekepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo anatiuza mosabisa kuti kumeneko sawerenga anthu.

Ndiye pali asanu ndi anayi aja ndinawabweza pa 7 Febuluwale. Mwa iwo abwerera atatu okha.

Ndapempha bwalo zinthu ziwiri. Choyamba, chakhumi cha Januwale mpaka Seputembala chisawerengedwe ngongole, aliyense ayambire pamene wabwerera. Msungichuma anatsutsa, ndipo ndikumumvetsa, poti abusa tili nawo ngongole ya miyezi itatu ndipo ku sinodi nakonso akudikira gawo lawo. Koma ndalama ya munthu amene sabwera n'komwe ukayilemba m'buku imangokongoletsa buku. Zavomerezedwa movutikira. Chachiwiri, za maukwati ndi za mtsikana uja, bwalo lati liziona palokha mwezi wamawa.

Lachinayi, 7 Okutobala

Ndapita kwa agogo aja. Ndinkazengereza, makomo ena onse a kuseri kwa dambo tinamaliza, lawo ndinkalidumpha. Mayi wa Chigwirizano ndi amene anati lero tipite, ndipo akalankhule ndi ine, iwo angoperekeza.

Tinawapeza pamkeka akusola nyemba. Anatiyalira mphasa, tinapatsana moni wonse, za m'thupi, za adzukulu awo, za mbuzi imene inathyoka mwendo. Kenaka ndinavula chipewa ndinati, "Agogo, ndabwera kudzapepesa. Tsiku lija ndinakubwezani pakhomo."

Anapitiriza kusola. Anati tsiku limenelo anafika kunyumba atanyowa mpaka mkati, anagona masiku anayi. Anati tchalitchi chimenecho njerwa zake anasenza pamutu ali ndi mwana kumbuyo, mwanayo lero ali ndi imvi. Anati lamulo la boma sakulitsutsa, ngakhale nthawi ya Kamuzu malamulo analiko ndipo ankawamvera. Chimene chinawapweteka ndi chakuti ndinawayankha nditaima, ngati wapolisi wa pa rodibuloko, ndipo palibe anabwera mawa lake kudzaona ngati anafika.

Ndinalibe choyankha. Ndinangoti pepani kachiwiri. Anati, "Pepani sapoletsa chilonda, mwana wanga, koma ndamva."

Kenaka anandifunsa kuti kodi ndinkadziwa bwanji kuti anthu akwana, poti sanandione ndi pensulo. Jekete lake linali lomwelo, njere zinali momwemo. Ndinazitulutsa ndinawaonetsa. Anaziyang'anitsitsa, anatola imodzi n'kuiluma, anati n'chamakolo ichi. Anatambasula nsonga ya chitenje ndipo anati ndikhuthulire momwemo. "Mbewu si yowerengera anthu." Anamanga mfundo. Za kubwera kutchalitchi sananene, ifenso sitinafunse. Anatipatsa nyemba za m'mbale kuti tikapatse amayi abusa.

Lamulungu likubwerali ndiwerenga ndi chiyani, sindikudziwa. Mwina sindiwerenganso. Ndi mapemphero awiri sitikufika poti n'kudzaza.

Lamulungu, 7 Novembala

Mgonero woyamba chiyambire Disembala 2020. Nkhani ya chikho inatha mosayembekezeka. Mkulu amene ankalimbikira kwambiri chikho chimodzi ndi amene anadwala mu Julayi, ndipo pa bwalo lapitali anangoti, "Gulani timakapu tanuto." Mwana wathu wina wa ku Lilongwe anatumiza timakapu ta pulasitiki ndi mathireyi awiri pa minibasi. Sitinakwanire, choncho amayi anawiritsa madzi kuseri n'kumatsuka pakati pa mapemphero awiriwo. Mkate anadula abusa okha atasamba m'manja pamaso pa onse. Chikho chakale tinachiika patebulo, abusa anachikweza monga mwa nthawi zonse, koma sanamwere aliyense.

Zinatenga nthawi, kapu imodzi inagwa, mtumiki wina anayamba kugawira mzere umene unali utalandira kale. Koma nditayang'ana kwa amayi ndinaona ambiri akupukuta misozi ndi nsonga za masiki.

Pa 74 paja abwerera 29. Makwaya tawalola kuyamba, aziimira panja pa khomo lakumbali. Sande sukulu ikuchitikira pansi pa mtengo.

Lamulungu, 28 Novembala

Ganizo ili linachokera kwa amayi a Chigwirizano, osati ku komiti. Anati pali maliro amene sitinalire, ndipo mitima ya anthu siidzakhazikika mpaka tiwalire. Lero abusa awerenga mayina 17 a akhristu onse amene anatisiya kuyambira Januwale, a kolona ndi ena omwe, poti onsewo anaikidwa mothamanga. Dzina likatchulidwa abale ankaimirira, mpingo n'kuimba ndime imodzi. Titatuluka amayi anagawikana m'magulu kupita m'makomo a anamfedwa ndi nkhuni, ufa ndi chipepeso, monga zikanakhalira nthawi yake.

Dzina la mkulu wa kumpoto uja litatchulidwa palibe anaimirira. Uthenga tinatumiza kawiri. Amayi atapita kumeneko anawalandira, nkhuni analandira, koma mchimwene uja anati, munthu amene anaimbira maliro a mudzi wonse munamuimbira ndime imodzi anthu anayi, lero mwakumbuka chiyani? Amayi anabwerako ali chete.

Lamulungu, 26 Disembala

Kwabwera mtundu wina wotchedwa Omicron, umene unayamba kumveka ku South Africa mwezi watha. Theka la mpingo likutsokomola koma ogona ndi ochepa. Khirisimasi dzulo tinachitira panja, mvula inatichitira chifundo mpaka titamaliza. Maukwati anayi a amene analowana nthawi ya mliri bwalo linawalola, adalitsidwa pamodzi Loweruka lapitalo. Ndowa imodzi mpopi wake wathyoka.

Lamulungu la Pasaka, 17 Epulo 2022

Kwa nthawi yoyamba tapemphera pamodzi, mapemphero amodzi, milaga yonse inayi. Anthu anakhala mothithikana pamwamba pa penti ija, imene ikuonekabe. Mtumiki akufuna tiyipale, ine ndati isiyeni ifufutike yokha. Masiki avala ndi ochepa, makamaka achikulire, ndipo sitinakakamize.

Pa nthawi yopatsana moni panali chisokonezo chosekesa. Wina akutambasula dzanja, mnzake akupereka chigongono, wachitatu akuwomba m'manja chapatali monga timachitira kwa apongozi. Abusa anangoti aliyense achite chimene mtima wake wamasuka nacho.

Ndikaima kutsogolo powerenga zolengeza m'pamene ndimaona bwino. Anthu akhala modzaza, komabe malo ena akuwalambalala. Pamene ankakhala mkulu wa kumpoto, pamphepete pa benchi yoyamba, palibe wakhalapo. Pa benchi yachitatu ya amayi, malo a agogo aja, anaikapo thumba la mwana.

Lamulungu, 5 Juni 2022

Masika. Chaka chino tavina polowa nazo. Chimanga, kachewere, nyemba, nkhuku, ndi mbuzi imodzi imene inadula chingwe nthawi ya pemphero. Msungichuma akuti tikagulitsa ngongole ya abusa itha, ngakhale kwacha yagwa ndi 25 peresenti kumapeto kwa Meyi ndipo sopo amene tinkagula chaka chatha mtengo wake sukuyandikirika.

Bwalo linkafuna kuthetsa komiti yathu lero. Mlangizi wapempha kuti ndowa zisachoke pakhomo, chifukwa kolera imene inayamba ku chigawo cha kummwera mu Malichi sinathe, ndipo tavomereza. Ine ndapempha kuti komiti ikhalepo mpaka timalize mayina. Pa 74 paja abwerera 51, asanu anatiuza kuti alowa mipingo ina ndipo tawalembera makalata awo, awiri anamwalira. Atsala 16.

Ndinali pakhomo kulandira zamasika pamene ndinaona ndodo ija. Kumbuyo kwawo kunali mdzukulu wawo atasenza lichero la chimanga chosasenda, ziso zake zazing'onozing'ono, zina zodyedwa ndi mbalame kunsonga. Anati zina sizinamere, zina nkhuku zinafukula. Anasamba m'manja, anafika pamene ndinaima, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Lero malo alipo?"

Ndinangopatuka. Analowa, anachotsa thumba la mwana lija n'kulipereka kwa mwini wake, anakhala pansi. Potuluka sanandipatse moni, anapita kukacheza ndi amayi abusa.

Zotsala sabata ino: kugula mpopi wa ndowa, kubweza batire ya galimoto kwa mwini wake amene wayifunsa katatu, ndi kulembera ku milaga za tsiku la ubatizo wa ana, poti aunjikana ambiri, ena akuyenda kale. Lachinayi abusa ndi ine tipitanso kumpoto kwa mayi amasiye aja, ulendo wachinayi. Kwaya yati ipita nafe, ndipo yapempha kuti tikafunse kaye kwa amfumu ngati angatilole kukaimba kumanda.